Kuidziwa Edinburgh poyankha ndagi za pafoni

Ambiri a ife amene tili ku Scotland timadziwa njira ya kuntchito ndi ya kutchalitchi basi. Munthu amatha zaka ali mu Edinburgh osapondako m'tinjira ta Old Town, chonsecho alendo amalipira ndege kudzaona malo omwewo, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wake wa malo a mbiri yofunika padziko lonse mu 1995. Mukapeza tsiku lopuma, yesani masewera ofunafuna chuma motsogozedwa ndi foni.

Mumaika app ngati Questo pafoni, n'kugula masewera a mzindawu. Foni imakuuzani poyambira, kenako imakuponyerani ndagi. Yankho lake limakhala pakhoma, pachipilala kapena pamwala wa pamanda: chaka, dzina, nambala. Mukalasa, imakulozerani malo otsatira. Chuma chenicheni kulibe, khasu lisiyeni kunyumba. Amene thumba lathina ayambe ndi Geocaching, yomwe poyambira salipira: mumasaka timabokosi tobisika, n'kulemba dzina pakapepala kali m'katimo.

Malo abwino oyambira ndi Royal Mile, msewu wotsetsereka kuchokera ku Edinburgh Castle kukafika ku Palace of Holyroodhouse. M'mbali mwake muli tinjira topanikizika tambirimbiri, kalikonse ndi dzina lake pamwamba pa khomo. M'menemo GPS imasokonezeka chifukwa cha nyumba zitalizitali za miyala, ndiye kadontho ka pamapu musakakhulupirire kwambiri. Dzutsani mutu muwerenge zikwangwani. Ine ndimaona kuti phindu la masewerawa ndi limeneli, amakukakamizani kuyang'ana zomwe mumangozidutsa pothamangira basi. Pafupi ndi St Giles' Cathedral pali chithunzi cha mtima chopangidwa ndi miyala pansi, pomwe panali ndende yakale. Mukaona wina akulavulirapo musadabwe, ndi mwambo wawo. Mukamvanso mzinga ukulira 1 koloko masana musathawe. Amauwombera ku Castle kuyambira 1861, kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi tsiku la Khirisimasi.

Batire imatha msanga GPS ikayatsidwa, choncho tengani power bank. Valani nsapato zafulati ndi jekete ya mvula, poti miyala ya mumsewu imaterera ikanyowa, ndipo masitepe ndi ochuluka moti ngolo ya mwana idzakuvutitsani. Mu Disembala kumada 4 koloko isanakwane, nyamukani m'mawa. Mu Ogasiti, nthawi ya chikondwerero chachikulu cha zisudzo chotchedwa Fringe, anthu amadzaza Royal Mile moti chikwangwani chomwe mukuchifuna simungachione. Dikirani mwezi wina.

Pitani atatu kapena anayi, ndipo musanalipire werengani ngati malipiro amodzi akukwanira gulu lonse. Anawo atengeni. Ndagi zina zimasewera ndi mawu a Chingerezi, ndipo mwana wophunzira sukulu za kuno amazimasula bambo ake akadali kukanda mutu. Kukazizira kapena wina akafuna chimbudzi, National Museum of Scotland pa Chambers Street kulowa ndi ulere.

Masewera anu akapanda kudutsa ku Princes Street Gardens, pitaniko nokha mukamaliza. Pambali pa Scott Monument pali chipilala cha David Livingstone cha mu 1876, munthu yemwe kwawo ku Blantyre ya ku Scotland kunapatsa dzina mzinda wathu wa Blantyre. Siteshoni ya Waverley ili pomwepo, amene achokera ku Glasgow sangavutike ndi sitima yobwerera.