Subaru Legacy yokhula pansi: mmene ndinaikwezera

Galimotoyi inabwera kuchokera ku Japan itaikidwa kale masipuling'i ofupikitsa. Pa tala ya M3 inkayenda bwino, koma pa hampu iliyonse ya m'tauni ya Mangochi inkakhula pansi, ndipo ndikalowa msewu wafumbi wopita kunyanja ku Makawa, kumbuyo kunkagogoda. Matayala akutsogolo ankadyeka mkati mokha.

Tinayamba ndi kuika mphira pamwamba pa masipuling'i. Inakwera pang'ono, kugogoda osasiya. Kusintha mashoko akumbuyo okha sikunathandizenso.

Chomwe chinagwira ntchito ndi kubwezeretsa masipuling'i a msinkhu wa kufakitale mbali zonse zinayi, pamodzi ndi mashoko ake. Tinagwiritsa jeke, zochirikizira galimoto, masipanala ndi chopanira sipuling'i. Chopanirachi musachinyoze, sipuling'i ikafwamphuka imathyola dzanja.

Musanamasule shoko yakutsogolo, ikani chizindikiro cha penti pa bawuti yapamwamba mwa ziwiri zomangira kumunsi. Pa Subaru bawuti imeneyi ndi yomwe imapendeketsa tayala.

Pofunika kwambiri ndi pa mabushi, timphira tokhala polumikizira zitsulo za kumatayala. Amakanika ena amamanga mabawuti ake galimoto ili m'mwamba pa jeke, ndiye ikatsika mphira umapotoka n'kung'ambika msanga. Ife tinangowagwiritsa pang'ono, kutsitsa galimoto kuti ikhale pa matayala ake, kuigwedeza, kenaka n'kumangitsa. Kugogoda kunathera pomwepo.

Pomaliza alayimenti (kuwongola kaimidwe ka matayala), ndi matayala anayi atsopano ofanana. Apa ndi pomwe panapita ndalama zambiri, koma galimoto yokoka ndi matayala onse ikavala osiyana kukula, difu yapakati, yomwe imagawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, imavutika.