Kudzutsa, kukonza ndi kusintha injini yakale ya Detroit ya two-stroke

Mukapeza injini ya dizilo ya two-stroke imene yakhala zaka osalira, kaya ili m'thiraki, m'basi, m'boti kapena pa jenereta, musathamangire kukasaka batire. Injini za Detroit Diesel, zimene ndimazidziwa kuposa zina zonse, zimalola munthu kuona m'kati mwake asanamasule hedi. Amene amayamba wasuzumira amagula zofunika zokhazokha. Amene amayamba ndi kuliza kapena kuphwasula nthawi zambiri amawononga zimene zinali zabwino.

Dziwani kaye chimene muli nacho. Kampani ya General Motors (GM), imene inali mwini wa Detroit Diesel, inayamba kupanga Series 71 mu 1938, Series 53 inabwera mu 1957, ndipo Series 92 mu 1974. Dzina la injini limanena zonse: 6-71 ndi ya masilinda 6 pamzere umodzi, silinda iliyonse ya ma cubic inch 71, kutanthauza malita pafupifupi 7 onse pamodzi. 8V71 ili ndi masilinda 8 m'mizere iwiri yopanga V. Chilembo T kumapeto chikutanthauza kuti ili ndi tebo. Lembani nambala ya modelo ndi nambala ya injini zimene zinadindidwa pa buloko, chifukwa injini zambiri zinasinthidwasinthidwa ndi eni ake akale, ndipo maonekedwe okha amanamiza.

Injini imeneyi imaphulitsa dizilo nthawi iliyonse imene pisitoni yafika pamwamba, n'chifukwa chake imamveka ngati ikuthamanga kwambiri pamene ikungozungulira ka 2,100 pa mphindi. Ilibe mavavu olowetsera mpweya. Bulowa, chopopera mpweya choyendetsedwa ndi injini yomweyo, imakankhira mpweya m'chipinda chotchedwa airbox chimene chimazungulira malaina (mapaipi achitsulo amene mapisitoni amayendamo), ndipo pisitoni ikatsika imatsegula mabowo a m'mbali mwa laina. Mpweya watsopano umalowa pamenepo n'kukankhira utsi kunja kudzera m'mavavu a ekizozi a pa hedi. Popanda bulowa injini silira n'komwe. Ilibenso pampu imodzi yaikulu yogawa dizilo. Silinda iliyonse ili ndi injekita yake imene imakankhidwa ndi kamushafti, ndipo kuchuluka kwa dizilo kumayendetsedwa ndi kachitsulo ka manomano kotchedwa rack.

Musanailize

Ngozi yaikulu ili pa rack. Injini ikakhalitsa, dizilo amauma m'mainjekita ndipo rack imamatirira. Gavana wa injinizi, chida choyang'anira liwiro la injini, amasiya ma rack pa dizilo wambiri kuti injini ilire msanga. Ndiye ngati imodzi yamatirira pamenepo, pa injini zakale za zomangira ziwiri pa liva yokankha rack imagwira anzake onse. Injini ikalira imangokwera liwiro, chozimitsira sichigwira ntchito, ndipo mathero ake ndi kondirodi kuboola buloko.

Chotsani kavala wa pamwamba pa mavavu. Gwirani paipi yaitali imene imalumikiza ma rack onse n'kuisuntha ndi dzanja. Rack iliyonse iyenera kulowa ndi kutuluka mosavuta. Ikalowa m'kati ndiye dizilo wambiri, ikatuluka ndiye palibe dizilo. Ngati ina ikulimba, musaimenye ndi hamala. Chotsani injekitayo, muiviike m'dizilo woyera kapena muike ina. Ine poliza injini yotere koyamba ndimasiya kavala ali chochotsa, n'kumangirira vice grip pa paipi ija kuti ndithe kuikokera pa zero ndi dzanja langa.

Pali njira yachiwiri imene injini imathawira, ndiyo kumwa oilo wake. Masilu a bulowa kapena a tebo akatha, oilo amalowa limodzi ndi mpweya n'kumayaka ngati dizilo, ndipo kutseka dizilo sikuthandiza. Chothandiza ndi kuitseka mpweya basi. Injini zambiri zili ndi chitseko chadzidzidzi polowera mpweya; chiyeseni kuti muone ngati chikugwa ndi kutseka bwino. Konzeraninso thabwa lolimba lalikulu kuposa polowera mpweya, ndipo munthu mmodzi aime nalo pafupi. Nsanza imamezedwa. Dzanja musaliyerekeze n'komwe.

Kenako zungulizani kirankishafti ndi chitsulo maulendo awiri athunthu. Ikaima mwadzidzidzi, mwina m'silinda muli madzi, ndipo sitata ikanapinda kondirodi. Tayani dizilo wakale, sinthani mafyuluta onse awiri mutawadzaza dizilo woyera, ndipo nunkhizani oilo. Ngati wachuluka kupitirira mzere komanso akununkha dizilo, kaonereni timapaipi ta dizilo topita ku mainjekita pansi pa kavala. Timang'aluka pamutu tikamangidwa mopitirira, ndipo dizilo amatsikira mu sampu mwakachetechete mpaka mabeyaling'i atatha.

Suzumirani mu airbox

Apa ndi pamene ndimakhalitsa, ndipo ndikanakonda aliyense atamatero. M'mbali mwa buloko muli tizitseko timene timamangidwa ndi mabawuti. Chotsani batire, tsegulani tizitsekoto, tengani tochi. Mudzaona mabowo a laina, ndipo kudzera m'mabowomo mudzaona pisitoni yeniyeniyo.

Zungulizani injini pang'onopang'ono mpaka maringi a pamwamba afike pa mabowo. Kankhani ringi iliyonse ndi kachitsulo kosasongoka. Ringi yamoyo imalowa n'kubwereranso yokha. Imene yalowa osabwerera, kapena yosasuntha n'komwe, ndi yothyoka kapena yamatirira ndi mwaye. Maringi ambiri a injinizi ali ndi kamzere kozokotedwa pankhope pake. Kamzereko kakamaoneka ndiye kuti ringi idakali ndi moyo, kakafufutika, yatha. Tsitsani pisitoni mpaka pansi kuti muone mutu wake ndi khoma la laina la mbali inayo. Mikwingwirima yoimirira pa pisitoni kapena pa laina imasonyeza kuti injini inatenthapo kapena inameza fumbi. Pisitoni imodzi ikakhala yoyera mbee pamene zinzake ndi zakuda, musakondwere nayo: yakhala ikutsukidwa ndi madzi ochokera pa hedi. Onaninso ngati mabowowo sanatsekeke ndi mwaye, chifukwa injini yobanika imatulutsa utsi wakuda ngakhale mainjekita ali bwino.

Pansi pa airbox pali timapaipi totayira madzi ndi oilo. Tisatsekeke. Injini ikamalira tiyenera kumatulutsa mpweya, ndipo kudontha pang'ono si vuto. Oilo akamachucha mosalekeza, vuto lili pa masilu a bulowa kapena pa maringi a oilo, amene pa injini zimenezi ali kumunsi kwa pisitoni. Kuti musiyanitse, chotsani cholowetsera mpweya muone bulowa. Oilo akamaoneka akufalikira pa zozungulira zake kuchokera kumapeto, ndi masilu. Onaninso kashafti koyendetsa bulowa: mano ake akatha, injini imazima mwadzidzidzi n'kukana kulira, ndipo ambiri amayamba kusakasaka vuto ku dizilo.

Ikalira, itenthetseni. Ngati ikudumphadumpha, pa 71 mungapeze silinda yakufa pokanikiza mutu wa injekita iliyonse ndi sikuludiraiva injini ili pa aidulo. Ngati kulira sikunasinthe, silindayo sinali kugwira ntchito. Kompuresheni imayezedwa injini ikuzungulira ka 600 pa mphindi, ndipo masilinda sayenera kusiyana kuposa 25 psi. Puresha ya oilo isakuopseni ikatsika kwambiri pa aidulo injini itatentha, ndimo mmene zilili. Chofunika ndi kuti ikwere kufika pa 40 mpaka 60 psi injini ikathamanga.

Kumanganso

Ngati kirankishafti ili bwino, mukhoza kusintha malaina, mapisitoni, maringi ndi mabeyaling'i injini ili pamalo pake. Ngati mu sampu muli tizitsulo, itulutseni yonse.

Malaina a 71 ndi ouma, madzi sawakhudza. Kutentha kumachoka pa laina kupita ku buloko pokhapokha ngati ziwirizi zakhudzana bwino. Choncho musangozula yakale n'kulowetsa yatsopano. Tsukani bowo la buloko, muliyeze m'malo angapo, ndipo ngati lakula kapena lapotoka, likonzedwe kuti mulowe laina yokulirapo kunja kwake. Laina yogwedera imatentha malo amodzi ndipo pisitoni yatsopano imakwechesuka. Mlomo wa laina uyenera kukhala pakati pa 0.045 ndi 0.050 inchi pansi pa nkhope ya buloko, ndipo malaina oyandikana asasiyane kuposa 0.002. Izi n'zofunika chifukwa injinizi zilibe gasiketi imodzi yaikulu ya hedi. Silinda iliyonse ili ndi ringi yake yotseka moto, ndipo madzi ndi oilo ali ndi timasilu tawo. Pa 53 ndi 92 malaina amakhudzana ndi madzi, ndiye nkhani ndi masilu a laina ndi dzimbiri la m'mipata mwake. Pa 92 samalani kwambiri: ikatentha kamodzi kokha, masilu ndi hedi zonse n'zokayikitsa.

Gulani zida zogwirizana ndi injini yanu. Pa 71, mapisitoni a injini yopanda tebo ya mtundu wa N ndi a kompuresheni 18.7:1, a tebo ndi 17:1. Musasakanizenso mapisitoni a chidutswa chimodzi ndi a zidutswa ziwiri mu injini imodzi, chifukwa kulemera kwake n'kosiyana. Pali kanthu kakang'ono kamene ambiri amakadumpha: tizivindikiro totseka pini ya pisitoni mbali zonse ziwiri. Kamodzi kakapanda kutseka bwino, oilo amathira mu airbox ndipo injini yatsopano imadya oilo kuyambira tsiku loyamba. Tiyeseni ndi pampu yokoka mpweya musanalowetse pisitoni. Pisitoni imalowa mu laina kuchokera kumunsi, kenako zonse pamodzi zimatsikira mu buloko.

Hedi ikayezedwe ndi puresha. Imakonda kung'aluka pakati pa mavavu ndi bowo la injekita, ndipo timachubu ta kopa tokhalamo mainjekita timachuchitsa madzi tikakalamba.

Kutchuna kuli ndi dongosolo lake, ndipo mukalisokoneza mudzabwereza zonse. Yambani ndi mpata wa mavavu: pa 71 ya mavavu anayi ndi 0.016 inchi injini ili yozizira. Kenako kutalika kwa mainjekita. Mainjekita ambiri a N amafuna geji ya 1.460 inchi, koma tsimikizani m'buku la injini yanu. Pambuyo pake mpata wa gavana, kenako ma rack. Apa fatsani. Tchunani rack ya silinda yoyamba kuti ifike pa dizilo wonse popanda kupanikizika, ndipo ena onse afanane ndi imeneyo. Mukamaliza iliyonse, bwererani kukaona ngati yoyamba ija sinafooke. Ikafooka ndiye kuti mwamangitsa imene mwangomaliza. Liwiro lapamwamba, aidulo ndi buffer screw (kabawuti kokhazikitsa aidulo) ndi zomalizira.

Oilo akhale SAE 40 wa nambala imodzi, wa mlingo wa API CF-2, wa phulusa losapitirira 1 peresenti. Ndikudziwa kuti 15W-40 ndi amene amapezeka paliponse, koma maringi a injini iyi amadutsa pa mabowo ulendo uliwonse ndipo amafuna oilo wosapyapyala akatentha. Ndikanakonda munthu adikire oilo woyenera kusiyana n'kuthira wina mu injini imene wangoimanga.

Kusintha injini

Funso loyamba ndi lakuti imazungulira mbali iti. Injini za 71 zinapangidwa zozungulira kumanja ndi kumanzere komwe. Pa zamzere umodzi mudzamva za RA, RB, RC, RD ndi LA mpaka LD. Chilembo choyamba ndi mbali yozungulira, chachiwiri chimanena kumene bulowa ndi ekizozi zili. Mabasi ambiri a GM a injini yopingasa kumbuyo anali ndi yozungulira kumanzere, ndipo maboti a injini ziwiri nthawi zambiri amakhala ndi imodzi ya mbali iliyonse. Kuitembenuza n'kotheka, koma muyenera kulowa m'magiya a kumbuyo ndi kusintha sitata ndi zina. Kufunafuna injini ya mbali yoyenera n'kosavuta kuposa pamenepo.

Chachiwiri ndi gavana. Wa jenereta amagwira liwiro limodzi, ka 1,500 kapena 1,800 pa mphindi, ndipo sayenera thiraki. Wa thiraki amangoyang'anira aidulo ndi liwiro lapamwamba, pakatipa ndi phazi la dalaivala. Onaninso nambala ya SAE ya chikuta cha fulaiwilo kuti igwirizane ndi giyabokosi, mbali imene sampu yazamira kuti isagunde ekiselo, ndi zokhazikira. 6-71 imalemera pafupifupi tani imodzi ndipo ndi yaitali, pamene za V ndi zazifupi koma zotakata.

Ambiri amagwa pa rediyeta. Kuchoka pa 6-71 ya mahosipawa 238 kupita pa 8V71 ya 318 ndi kuwonjezera kutentha kochuluka, ndipo rediyeta yakale sidzakwanitsa pa chitunda. Fyuluta ya mpweya ndi paipi ya ekizozi nazonso zikule, popeza injini ya two-stroke imameza mpweya wambiri kuposa ya four-stroke yofanana nayo kukula. Paipi yobwezera dizilo ku thanki musaiiwale, pamodzi ndi kanati ka bowo laling'ono kamene kali potulukira. Kanatiko ndi kamene kamasunga puresha ya dizilo, ndipo dizilo wozungulirayo ndi amene amaziziritsa mainjekita.

Ngati mukuchotsa Detroit kuti muike ya four-stroke, monga Cummins kapena Series 60 imene Detroit Diesel inatulutsa mu 1987, werengani magiya kaye. Injini zimenezo zimakoka mwamphamvu zikuzungulira pang'ono, choncho kilachi ndi giyabokosi zakale zikhoza kulephera, ndipo difu yomwe inkayenera 2,100 idzachepetsa liwiro la galimoto pamsewu.

Injini yomangidwa kumene musaisiye pa aidulo nthawi yaitali. Thirani oilo m'mipata yake ndi pampu musanailize, ilizeni, onani puresha ndi kuchucha, kenako ipatseni katundu mowonjezera pang'onopang'ono kuti maringi akhazikike. Madzi akhale pakati pa madigiri 71 ndi 85 Celsius. Mukakwera chitunda tsitsani giya kuti izizungulira pakati pa 1,800 ndi 2,100, ndipo pakatha maola ochepa a ntchito tsegulaninso airbox muone maringi, n'kuyezanso mavavu ndi ma rack.