Zovala ndi zodzola za mphatso ya Khirisimasi: kasankhidwe kake kuti zisakathere pansi pa sutikesi

Chovala chothina sichivalidwa, ngakhale chikhale chodula chotani. Wolandira amachilandira ndi manja awiri, kuthokoza mpaka kugwada, kenako amachipinda bwinobwino n'kuchiika pansi pa sutikesi, basi kwake kwatha. Choncho ntchito ya mphatso imayambira pa muyeso, kumsika n'kotsatira. Ndipo iyenera kuyamba mu Novembala, chifukwa Disembala akalowa mitengo imakwera, mabelo abwino amakhala atasankhidwa kale, ndipo matelala amakhala atadzaza.

Kupeza muyeso mwini wake osadziwa

Njira yodalirika ndi kuyeza chovala chimene munthuyo amavala kawirikawiri ndipo chimamukhala bwino. Chiyaleni pamphasa kapena pabedi, mabatani onse atamangidwa, mutenge tepi yoyezera ya atelala. Pa shati kapena bulauzi yezani kuchokera kukhwapa lina kufika kukhwapa linzake, kuchokera paphewa kufika pansi, komanso kutalika kwa mkono. Pa thalauza yezani m'chiuno litamangidwa n'kuchulukitsa kawiri, kenako kuchokera pamphechepeche kutsika mpaka kumapazi. Lembani papepala, ndipo tepiyo mupite nayo kumsika. Zilembo za S, M ndi L musazikhulupirire: L wochokera ku China nthawi zambiri amafanana ndi M wa ku Ulaya, ndipo pa kaunjika zovala zochokera m'mayiko osiyanasiyana zimakhala mulu umodzi. Mathalauza ambiri amalembedwa m'mainchesi, monga W32 L30, kutanthauza chiuno 32 ndi mwendo 30. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Chizolowezi chija chozunguliza chiuno cha thalauza m'khosi chimathandiza pang'ono ngati khosilo ndi la mwini thalauza, koma khosi lanu silinganene za mimba ya amalume anu.

Nsapato ndiye zimapusitsa kwambiri. Kuno kwathu ndi ku South Africa timawerenga ngati ku Britain, pomwe nsapato zambiri za pakaunjika zili ndi manambala a ku Ulaya kapena a ku America. Saizi 6 yathu ili cha pa 39 ya ku Ulaya, 8 ili cha pa 42, ndipo ya amuna ya ku America imakhala patsogolo pafupifupi ndi nambala imodzi. Kwa mwana, muimikeni papepala madzulo phazi litafufuma ndi kuyenda, mujambule mozungulira ndi pensulo yoima chilili, muyeze kuchokera ku chidendene mpaka chala chachitali, n'kuwonjezera sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Kupitirira apo mwana amayenda chokhwekhwereza ndipo nsapato imang'ambika isanamukwane. Amene muli ku Joni kapena ku London, uzani a kumudzi akutumizireni nambala ya masentimitayo pa WhatsApp musanagule.

Chitenje

Kwa amayi, azakhali, apongozi kapena alamu anu aakazi, palibe mphatso yoposa chitenje posavuta, chifukwa sichithina. Chovuta ndi kusiyanitsa chabwino ndi chonamizira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: nsalu zambiri zotchipa zimakhala zolimba ndi zonyezimira pamsika chifukwa cha sitachi, koma zikangolowa m'madzi kamodzi zimasanduka kansanza kopyapyala.

Chitembenuzeni kaye. Chitenje cha wakisi chabwino maluwa ake amaoneka pafupifupi chimodzimodzi kumaso ndi kumbuyo, pomwe chodindidwa mbali imodzi chimakhala chotuwa kuseri. Kenako tikitani kangodya pakati pa zala ngati mukuchapa. Kakafewa msanga n'kuyamba kuonetsa kuwala mukakayang'anitsa kudzuwa, dziwani kuti kulimba kuja kunali sitachi. Nyowetsani kansalu koyera n'kupukuta pamalo ofiira kapena obiriwira kwambiri: utoto wochuluka ukatsalira pakansaluko, chitenjecho chidzachucha ndi kuwononga zovala zina m'beseni. Mukafuna kudziwa ngati ndi thonje lenileni, solani kaulusi m'mphepete mukakaotche ndi machesi kunyumba. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa, poliyesita amasungunuka n'kusiya kampira kolimba. M'nyengo yachinyezi ya Disembala ndi Januwale poliyesita amawotcha thupi ndi kusunga fungo la thukuta, n'chifukwa chake thonje ndiye lofunika.

Zitenje zimapezeka pamsika uliwonse waukulu, ku Limbe, ku Lilongwe, ku Zomba, ndipo kumpoto msika wa Taifa ku Mzuzu umadziwika ndi zochokera ku Tanzania. Zopangidwa konkuno ndi za fakitale ya Mapeto David Whitehead ku Blantyre. Chitenje chomanga m'chiuno chimakhala mamita awiri. Chovala chathunthu cha bulauzi, siketi ndi duku chimafuna mamita anayi, ndipo kwa munthu wathupi kapena sitayilo ya manja otukumuka ndi siketi yotambalala, tengani chidutswa chonse cha mayadi sikisi, chomwe ndi pafupifupi mamita asanu ndi theka. Shati ya abambo ya manja aafupi imatha mamita awiri, ya manja aatali awiri ndi theka. Maluwa akakhala akuluakulu wonjezerani theka la mita, poti telala amataya nsalu pofananitsa maluwa pamsoko.

Chenjezo limodzi: musagule chitenje cha chipani kapena cha mpingo umene munthuyo sapempherako, ndipo pewani chakuda bii, ena amachiona ngati cha namfedwa.

Mukafuna kusoketsa, nsalu ifike kwa telala sabata yoyamba ya Disembala isanathe. Ichapeni kaye ndi madzi ozizira, muyanike pamthunzi ndi kuisita, chifukwa thonje limabwerera likachapidwa koyamba, ndipo diresi losokedwa pansalu yosachapa limafupika ndi kuthina m'khwapa. Gwirizanani mtengo wonse musanachoke, kuphatikiza zipi, mabatani ndi nsalu ya m'kati. Perekani theka, lotsalalo podzatenga. Muuzeni tsiku la masiku asanu m'mbuyo mwa tsiku lenileni, kuti pakhale mpata woyesa ndi kukonza, ndiponso mumupemphe asiye masentimita awiri a nsalu m'misoko ya m'mbali kuti chikathina chidzamasulidwe. Ngati muyeso wa munthuyo mulibe, musayerekeze. Kulungani nsaluyo, muikemo envulopu ya ndalama ya telala, mwini wake akasankhe yekha sitayilo.

Kaunjika si manyazi

Jekete kapena jini yabwino ya pakaunjika imaposa yatsopano yotchipa. Funsani ogulitsa tsiku limene amatsegula belo, kaya ndi ku Tsoka ku Lilongwe kapena pamsika wa kwanu, mukafike m'mawa. Chovala chilichonse chitembenuzeni. Yang'anani m'khwapa ndi pakolala ngati muli chikasu cha thukuta, poti sichichoka. Kokani zipi kangapo. Tambasulani misoko ya pamatako ndi pamphechepeche. Chikwezeni kudzuwa kuti tizibowo tioneke. Batani losowa ndi nkhani yaing'ono, koma lasitiki yotha mphamvu ndi nsalu yopyapyala pamawondo zisiyeni. Majuzi ndi majekete ofunda amatsika mtengo nyengo yotentha ino, ndiye ndi nthawi yabwino yogulira agogo cha mu Juni.

Musapereke chisanachapidwe. Chichapeni kawiri kuti fungo la belo lichoke, chiume pachingwe, ndipo muchisite mbali zonse ndi simbi yotentha. Kusita kumeneku si kwa kutchena kokha: nyengo ya mvula kuli ntchentche imene imaikira mazira pazovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu n'kutupa ngati chithupsa. Kutentha kwa simbi kumapha mazirawo. Zovala za makanda ndi matawulo musamaziphonye.

Poti Khirisimasi imagwa m'dzinja, ambulera yolimba, jekete la mvula ndi jombo za kumunda zimagwira ntchito tsiku lomwelo. Ambulera iwerengeni nthiti: ya nthiti zisanu ndi zitatu zazitsulo zopyapyala imapindika ndi mphepo yoyamba, ya khumi ndi ziwiri kapena kuposa imapirira. Kwa ana a sukulu, nsapato zakuda ndi masokosi zimapeputsa makolo teremu ikamatsegulidwa mu Januwale, koma muikepo kena kosangalatsa, ngakhale kachipewa, chifukwa mwana sawerengera yunifolomu ngati mphatso.

Zodzola ndi zosambira

Apa n'pamene anthu amalakwitsana. Mukapatsa mnzanu wa kuntchito mankhwala a m'khwapa okhaokha, amapita kunyumba akudzinunkhiza. Zoterezi ziziyenda pagulu: kadengu kamodzi kokhala ndi tawulo, sopo wosambira awiri, mafuta odzola, chinkhupule ndi chipeso, ndiye cha m'khwapacho chimangobisala pakati. Zovala zam'kati ndi za mkazi ndi mwamuna wake, kapena mayi ndi mwana wake; kwa apongozi musayese n'komwe. Mapadi a mtsikana, kaya otaya kaya ochapa, ndi mphatso yothandiza kwambiri, koma adutse mwa amayi ake kapena azakhali, osati kuperekedwa pagulu.

Pogula mafuta onani zinthu zingapo pabotolo. Tsiku lothera ntchito likhale kutali. Kachithunzi ka chitini chotsegula kolembedwa 12M kakutanthauza kuti akatsegulidwa agwiritsidwe ntchito m'miyezi 12. Chotsekera chikhale chosatsegulidwapo, ndipo zopangidwa m'dziko muno zikhale ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Mafuta amene akhalitsa padzuwa pabenchi la msika amapatukana, mafuta pamwamba madzi pansi, ndipo fungo limasasa. Werenganinso zosakanizamo. Mukaona hydroquinone, mercury, clobetasol kapena betamethasone, bwezani pashelefu. Amenewa ndi aja oyeretsa khungu: poyamba nkhope imawala, kenako khungu limapyapyala, limachita mizere, ziphuphu ndi zigamba zakuda zovuta kuchotsa, ndipo mercury amawononga impso. Botolo lopanda mndandanda wa zosakanizamo nalonso lisiyeni.

Kwa munthu wa khungu louma ndi ming'alu ya kumapazi, zotchipa ndiye zimagwira: botolo la Vaseline, kamwala kokhulira zidendene ndi masokosi athonje. Aviike mapazi m'madzi ofunda mphindi 10 mpaka 15, akhule pang'ono, apukute, adzole ndi kuvala masokosi pogona. Wodwala shuga asakhule ndi mwala kapena leza, chifukwa kabala ka kuphazi kwa iye kamachedwa kupola; iyeyu mupatseni mafuta ndi masokosi okha. Gilisalini payekha amamata ndi kukola fumbi, ndiye ndi bwino kusakaniza supuni imodzi ya gilisalini ndi masupuni anayi a madzi owiritsa atazizira, n'kupanga wochepa wotha m'sabata imodzi.

Mukhozanso kupanga nokha chokhulira thupi. Tengani masupuni akuluakulu asanu ndi atatu a shuga wabulauni, anayi a mafuta a kokonati kapena a mpendadzuwa, ndi imodzi ya uchi. Sakanizani mpaka zioneke ngati mchenga wonyowa. Zikamayenderera wonjezerani shuga, zikamayoyoka wonjezerani mafuta pang'ono. Ikani m'kabotolo kagalasi kowiritsidwa ndi kouma gwa, poti dontho la madzi limasungunula shuga ndi kubweretsa chuku. Matanipo kapepala konena tsiku lopangira, kuti agwiritse ntchito mwezi usanathe, azitapa ndi supuni youma, kawiri pasabata, pamikono ndi miyendo basi. Kumaso shuga amakanda. Botolo litsekedwe zolimba, nyerere sizichedwa kumva.

Pafyumu musagule pongonunkhiza chotsekera. Thirani pamkono, muyendeyende mphindi 30, munve fungo lotsalalo, chifukwa ndi limene munthuyo adzakhale nalo tsiku lonse. Olembedwa eau de parfum amakhalitsa kuposa eau de toilette. Wa mphumu kapena mayi woyembekezera amene fungo likumunyansa, musamupatse.

Abambo ambiri amakondwa ndi makina ometera akeake. Sankhani otchaja, kuti magetsi akazima mutu usatsale theka, ndipo m'bokosi mukhale zipeso zake, kaburashi ndi kabotolo ka mafuta. Madontho awiri kapena atatu pamano a makinawo asanamete amateteza dzimbiri ndi kudzula tsitsi. Amene amatuluka totupa akameta ndevu ndi leza amapezako bwino ndi makina, chifukwa sadula tsitsi mpaka m'khungu momwe limapindikira n'kubaya.

Ngati m'banjamo muli wachialubino, chipewa cha mlomo waukulu wozungulira mutu wonse, shati ya manja aatali ya thonje lolukidwa mothinana, magalasi a dzuwa ndi mafuta oteteza kudzuwa a SPF 50 ndi mphatso yoteteza ku khansa ya pakhungu. Kapusi siyikwanira, imasiya makutu ndi khosi pamtunda. Mafutawo amadzolanso pakatha maola awiri aliwonse akakhala panja.

Kutumiza ndi kukulunga

Katundu wodutsa pabasi, kaya kuchokera ku Johannesburg kapena kungochoka mu Blantyre kupita ku Mzimba, amapsinjidwa ndi kutenthedwa. Botolo lililonse litseguleni, muike kapulasitiki pakamwa, mutsekenso ndi kumata tepi, kenako lilowe m'jumbo lakelake kutali ndi zovala. Sopo wonunkhira asakhale thumba limodzi ndi shuga kapena tiyi, fungo limalowerera. Phukusi lililonse lilembedwe dzina, apo ayi wolandira katundu ndiye amagawa mmene akuonera. Tumizani Disembala asanafike pakati, poti pambuyo pake mabasi amadzaza ndipo pamalire pamakhala mizere. Nthawi ikakutherani, tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, koma munene ntchito yake momveka, kuti iyi ndi ya saluni kapena ya telala, chifukwa ikafika yopanda dzina imakathera ku ndiwo.

Pepala lokulungira limang'ambidwa m'mphindi imodzi. Kulungani ndi duku kapena chidutswa cha chitenje cha mita imodzi: ikani mphatso pakati mopingasa, mumange ngodya ziwiri zoyang'anizana, kenako ziwiri zinazo pamwamba. Chotsani kapepala ka mtengo, koma lisiti ya m'sitolo isungeni, ndipo pogula mufunsiretu ngati amalola kusintha saizi komanso kwa masiku angati.