Mfuti yopepuka imakoma ponyamula, koma imamenya phewa

Alenje anzanga a ku Macanga ndi ku Chifunde, amene muli ndi ziphaso zanu za mfuti ndi za ulenje, ndikutsineni khutu musanataye ndalama.

Mfuti ya makilo atatu imakoma mukamakwera nayo mapiri dzuwa la ku Tete lili pa liwombo. Vuto limabwera poombera. Ikapepuka, mphamvu ya chipolopolo imathera paphewa panu, ndipo munthu amayamba kutsinzina asanakoke n'komwe kachitsulo koombera. Ine mfuti yopepuka ya .30-06 (manambala otere amatchula mtundu wa chipolopolo chimene mfutiyo imaomba) inandisiyira phewa lotupa sabata yathunthu, njiri imene ndinkafuna kuombayo n'kuthawa mchira uli m'mwamba.

Kwa gwape ndi nswala, .243 Winchester ndi yokwana ndipo simenya kwambiri. Ngati mukufuna mfuti imodzi yoti igwetse nguluwe, njiri ngakhale ngoma, tengani .308 Winchester. Njati musaiyerekeze ndi zimenezi, imafuna .375 H&H, ndipo imeneyo ikhale yolemera ndithu.

China n'chakuti mpope wa mfuti zopepuka umakhala woonda, sumachedwa kutentha. Poiyesa, ikani katoni pamtunda wa mamita 100, kuseri kwake kukhale chulu, ombani katatu basi kenako dikirani uzizire. Mukapitiriza uli wotentha, zipolopolo zimayamba kumwazikana, inu n'kumanena kuti anakugulitsani mfuti yokhota. Mtundu wa zipolopolo zimene mwayesera ndi womwewo mupite nawo kutchire.

Misewu yathu yafumbiyi imamasula timabawuti ta galasi loonera patali la pamfuti, makamaka mukayenda panjinga yamoto. Mukafika, tigwirenigwireni kaye musanalowe m'thengo.