Kapangidwe ka bolodi lolankhulira la munthu amene sitiroko yamulanda mawu

Sitiroko ikagwira mbali ya kumanzere ya ubongo, kawirikawiri imafoola dzanja ndi mwendo wakumanja, n'kusokonezanso chilankhulo. Vutoli madokotala amalitcha aphasia. Munthu amadziwa chimene akufuna koma mawu sabwera, kapena amabwera ena: akufuna kunena kapu, pakamwa n'kutuluka mbale. Mu 1861 dokotala wa ku Paris, Paul Broca, anafotokoza za wodwala amene kwa zaka zambiri ankangotulutsa liwu limodzi lokha, "tan", chonsecho ankamva zambiri zimene anthu ankamuuza. Munthu wotere sanachite misala ndiponso sanagonthe, choncho kumukuwira n'kungomuvutitsa. Chimene chingamuthandize ndi bolodi la zithunzi loti azilozapo. Koma musathamangire sizasi ndi guluu. Mabolodi ambiri amathera pansi pa bedi chifukwa anapangidwa wodwalayo asanayesedwe.

Yambani ndi inde ndi ayi. Apa m'pamene osamalira odwala amanamizika kwambiri, chifukwa munthu wa aphasia amatha kugwedeza mutu kuti inde pamene mumtima akukana. Konzani mafunso 10 amene mayankho ake mukuwadziwa kale, asanu a inde, asanu a ayi, ndipo muwasakanize: "Kodi dzina lanu ndinu a Banda?" "Kodi kunja kwada?" "Kodi iyi ndi supuni?" Funsani limodzi limodzi, wailesi itazimitsidwa. Akakhoza 5 kapena 6 okha, dziwani kuti akungolotera, popeza ndi mmene amakhozera aliyense wongoyankha mwachisawawa. Zikatero dulani makadi awiri, lina lojambulidwa chichongi chobiriwira, lina mtanda wofiira, muyesenso kuti aziloza m'malo mogwedeza mutu. Ena amakhoza bwino poloza chala chachikulu m'mwamba kapena pansi. Njira imene yakhoza kwambiri ndiyo banja lonse ligwiritse ntchito, osati uyu zake uyu zake.

Chachiwiri ndi maso. Sitiroko ya kumanzere kwa ubongo imatha kuchotsa theka la kumanja la zimene munthu amaona, m'maso onse awiri. Ikani supuni kumanzere kwa tebulo ndi kapu kumanja, muone ngati akuziona zonse osatembenuza mutu. Ngati kapu sakuiona, bolodi muzilikankhira cha kumanzere kwake, ndipo m'mphepete mwake mwa kumanja mulembe mzere wonenepa wofiira, muzimukumbutsa kuti ayendetse maso mpaka aupeze. Ngati ankavala magalasi asanadwale, muvekeni.

Chachitatu, onani chimene akuzindikira. Muonetseni kapu yeniyeni, chithunzi cha kapuyo cha pafoni, chithunzi chojambula pamanja, ndi mawu oti KAPU olembedwa. Ambiri a aphasia kuwerenga nako kumawavuta mofanana ndi kulankhula, ndiye kuwapatsa pepala la zilembo kuti azilemba maganizo awo sikuthandiza. Ngati ankalankhulanso Chitumbuka, Chiyao kapena Chingerezi, yesani zilankhulo zonsezo, chifukwa nthawi zina china chimatsalako bwino kuposa chinzake.

Tsopano zipangizo: katoni yolimba yodulidwa kukula kwa pepala la A4, masentimita 21 m'lifupi ndi pafupifupi 30 m'litali, pepala loyera, pentopeni yakuda, guluu, ndi selotepi yaikulu ija yomatira makatoni. Gonekani pepala chopingasa, muligawe timabokosi 6, titatu pamwamba titatu pansi. Kabokosi kalikonse kakhala pafupifupi masentimita 9 mbali zonse mukasiya mpata wa sentimita imodzi pakati. Mpatawo ngofunika chifukwa munthu akuloza ndi dzanja lamanzere limene sanalizolowere, ndipo chala chimagwera pamalire. Ngati 6 tamuchulukira, bwererani ku 4 kapena 2.

Zithunzi zabwino ndi za zinthu zake zenizeni. Jambulani pafoni kapu yake, chimbudzi cha pakhomo pake, bulangete lake, chinthu chimodzi pa chithunzi chimodzi, kumbuyo kuli khoma kapena nsalu yopanda maluwa. Chithunzi cha chimbudzi cha madzi chodulidwa m'magazini sichitanthauza kanthu kwa agogo amene moyo wawo wonse agwiritsa ntchito chokumba. Pansi pa chithunzi chilichonse lembani liwu limodzi m'zilembo zazikulu. Limathandiza wodwala amene akuwerengako pang'ono, komanso mlendo amene sakudziwa tanthauzo la chithunzicho. Mukatha, kutani bolodi lonse ndi selotepi kuti phala ndi malovu zisaliwononge. Pulasitiki yonyezimira kwambiri imathobwa m'maso padzuwa, choncho muziliika pamthunzi.

Tsamba loyamba likhale la zofulumira: madzi, chakudya, chimbudzi, ululu, kutembenuzidwa pogona, ndipo kabokosi komaliza kakhale ka chizindikiro cha funso kolembedwa kuti CHINA, kutanthauza chinthu china chimene palibe pa bolodi. Kabokosi kameneka musakasiye. Popanda iko, munthu wofuna kufunsa za mbuzi zake amakakamizika kuloza madzi, inu n'kubweretsa madzi, iye n'kukwiya, nonse n'kuganiza kuti bolodi ndi lachabe. Kuseri kwake jambulani thupi la munthu, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti aziloza pamene pakupweteka.

Akazolowera, onjezani masamba ena, muwaboole pakona n'kuwamanga ndi chingwe. Munthu wamkulu sakhalira kudya ndi kupita kuchimbudzi kokha. Payenera kukhala tsamba la nkhope za ana, adzukulu ndi anansi, la malo monga kumunda, kutchalitchi kapena kumzikiti, kumsika ndi kuchipatala, la manambala ndi ndalama, ndi la masiku a pasabata. Malo a chithunzi musamawasinthe. Ngati madzi ali pakona ya pamwamba kumanzere, akhale pomwepo ngakhale mutapanga bolodi latsopano, chifukwa dzanja limaloweza njira.

Kulipereka bolodi n'kunena kuti "lozani" sikuphunzitsa. Inuyo muziloza kaye polankhula naye: "Bambo, ndabweretsa madzi," chala chanu chili pa chithunzi cha madzi. Chitani zimenezi pa nthawi yeniyeni ya chinthucho, kangapo pa tsiku. Mukafunsa funso, werengani chamumtima mpaka 10 musanalankhulenso. Kubwereza funso msanga, makamaka ndi mawu ena, kumamuchititsa kuyambiranso kulimasulira. Akaloza, tsimikizani: "Mwaloza chimbudzi. Mukufuna kupita kuchimbudzi?" Mphindi 10 mpaka 15 n'zokwanira, makamaka m'mawa asanatope.

Mukaona kuti akungoloza kabokosi kamodzimodzi pa funso lililonse, si mwano. Ubongo wovulala umakakamira pa yankho lapitalo, makamaka ukatopa. Chotsani bolodi, mupumule mphindi zingapo, kenako muyambe ndi zithunzi ziwiri zokha. Ngati dzanja silingathe kuloza n'komwe, lozani ndinu kabokosi kamodzi kamodzi mukutchula dzina lake, iye aphethire kapena akufinyeni dzanja mukafika pa chimene akufuna.

Pali odwala ena amene chilankhulo chawo chili bwinobwino koma lilime ndi milomo ndi zimene zafooka, mawu n'kumatuluka osamveka bwino. Vuto limeneli ndi dysarthria, ndipo iwowa bolodi la zilembo limawakwana. Lembani mizere isanu yoyamba ndi A, E, I, O, U: mzere woyamba A B C D, wachiwiri E F G H, wachitatu I mpaka N, wachinayi O mpaka T, womaliza U mpaka Z. Nthawi zambiri kuloza chilembo choyamba cha liwu lililonse akulankhula kumakwanira kuti womvera agwire mawuwo.

Abale ena amabisa bolodi poopa kuti munthu achita ulesi n'kuleka kuyesa kulankhula. Kafukufuku sanaonetse kuti zithunzi zimatsekereza mawu. Nthawi zina kuona chithunzi ndi kumene kumakoka liwulo. Pitirizani kumulimbikitsa kutchula chimene waloza, ndipo muziimba naye nyimbo zimene ankazidziwa, popeza ambiri amene akulephera kulankhula amatha kuimba mawu omwewo.

Akaloza madzi, mukhazikeni tsonga musanamumwetse, pang'onopang'ono. Ngati akutsamwa, akukhosomola pomwa, kapena mawu akumveka ngati muli madzi kukhosi, kauzeni achipatala, chifukwa madzi olowera m'mapapo amayambitsa chibayo. Popita kuchipatala, kapena kumalo ophunzitsira odwala ziwalo monga Kachere ku Blantyre, tengani bolodilo pamodzi ndi kapepala kosonyeza mmene amayankhira inde ndi ayi, mbali imene amaona bwino, ndi mafunso angati mwa 10 aja amene anakhoza pa tsiku lililonse limene munamuyesa.