Vidiyo Ikung'ambika Pakati pa Sikirini ya Kompyuta? Musathamangire Kugula Monita Ina

Mukuonera mpira pa kompyuta, kamera ikutsata mpira kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndiye mwadzidzidzi mzere wopingasa wadula chithunzi. Mutu wa wosewera uli patsogolo, miyendo yatsalira m'mbuyo. Akatswiri amati screen tearing. Ambiri akaona izi amaganiza kuti monita yatha, makamaka ngati kompyutayo anaigula yogwiritsidwapo kale ntchito. Nthawi zambiri monitayo imakhala ilibe mlandu, ndipo vutoli limatha osatulutsa ndalama.

Chimene chimachitika ndi ichi. Monita wamba imajambula chithunzi ka 60 pa sekondi, kuyambira pamwamba kutsikira pansi, ndiyo imene amaitcha 60Hz. Vidiyo nayo ili ndi liwiro lake: mafilimu ambiri ali ndi zithunzi 24 pa sekondi, za pa TV za kuno kwathu ndi ku Ulaya 25 kapena 50, za pa YouTube zambiri 30 kapena 60. Ngati khadi la zithunzi (kachipangizo ka m'kompyuta kotumiza zithunzi ku monita) latumiza chithunzi chatsopano monita ili pakatikati pojambula chakale, mumaona theka la ichi ndi theka la icho. Zili ngati mphunzitsi wafufuta pabolodi n'kulemba zina mwana asanamalize kukopera. Mankhwala ake ndi kuuza khadilo kuti lizidikira monita imalize. Kudikira kumeneku ndiko amakutcha VSync.

Choyamba, tsimikizani matendawo

Imitsani vidiyoyo. Mzere ukasowa chithunzi chitaima, n'kubwereranso zinthu zikayamba kuyenda, ndi vuto lomwe tikunenali. Koma ngati mizere ikugwedera ngakhale palibe chimene chikuseweredwa, kapena mitundu yasanduka yofiirira kapena yobiriwira, yang'anani chingwe. Zingwe za VGA, za mutu wabuluu zija, zimachita zimenezi zikamasuka kapena mano ake akapindika. Mangani bwino, kapena gwiritsani HDMI, DVI kapena DisplayPort ngati malo ake alipo.

Chachiwiri, driver

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye musadumphepo. Makompyuta ambiri monga Dell OptiPlex ndi HP amene amagulitsidwa ogwiritsidwapo kale amaikidwa Windows mwachangu, okonza osavutikira kuika driver ya zithunzi, pulogalamu imene imathandiza Windows kuyendetsa khadi la zithunzi. Kompyuta imayaka bwinobwino, mwini wake osadziwa kuti ikuyendera driver yongogwirizira.

Dinani batani la Windows ndi R nthawi imodzi, lembani devmgmt.msc, kenako Enter. Tsegulani Display adapters. Mukaona Microsoft Basic Display Adapter, kapena Standard VGA Graphics Adapter pa Windows 7, vuto mwalipeza. Pamenepo payenera kuoneka dzina lenileni monga Intel HD Graphics, NVIDIA GeForce kapena AMD Radeon.

Tengani driver pa webusaiti ya amene anapanga kompyutayo kapena ya Intel, NVIDIA kapena AMD. Mapulogalamu aja olonjeza kukusakirani madriver onse nthawi imodzi ine sindiwakhulupirira, amabwera ndi zinyalala zambiri. Dziwaninso kuti fayiloyi imatha kukula mpaka ma MB mazana angapo, choncho onani kaye bandulo yanu. Mukaika, zimitsani kompyuta n'kuyatsanso musanaweruze.

Chachitatu, kwa amene mukadali pa Windows 7

Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, komabe ikugwirabe ntchito m'maofesi ndi m'nyumba zambiri. Pa Windows imeneyi, chimene chimaletsa chithunzi kung'ambika ndi maonekedwe a Aero. Anthu amakonda kuwazimitsa pofuna kuti kompyuta ipepuke, osadziwa kuti akuitana vutoli. Dinani kumanja kwa mausi pa desktop, sankhani Personalize, kenako tengani imodzi ya Aero Themes m'malo mwa Basic kapena Classic. Kuyambira pa Windows 8 mbali imeneyi imakhala yoyaka nthawi zonse.

Chachinayi, liwiro la monita ndi VSync

Pa Windows 10 ndi 11 pitani ku Settings, System, Display, kenako Advanced display, muone refresh rate, lomwe ndi liwiro la monita lija. Monita wamba ikhale pa 60Hz. Ngati mwalumikiza TV kudzera pa HDMI ndipo mumaonera kwambiri mpira wa ku Ulaya, yesaninso 50Hz, chithunzi chimatha kuyenda mosalala kuposa kale.

Mamonita awiri a liwiro losiyana amasokonezanso. Zulani imodzi, muone ngati mzere wapita. Ukapita, ikani zonse pa liwiro limodzi.

Amene muli ndi NVIDIA, tsegulani NVIDIA Control Panel, Manage 3D settings, pezani Vertical sync, muike On. Pa AMD fufuzani Wait for Vertical Refresh, muike Always on.

Chachisanu, pulogalamu yoonerera

Funsani funso ili: kodi vidiyo ikung'ambika paliponse, kapena pa pulogalamu imodzi yokha? Ngati ndi pa Chrome pokha, lowani mu Settings, System, mupeze Use graphics acceleration when available. Ngati ndi yozima, iyatseni. Ngati ndi yoyaka koma vuto lilipobe, izimitseni, mutseke Chrome n'kutsegulanso. Kuizimitsa kumasenzetsa purosesa katundu yense, ndiye pa kompyuta yakale vidiyo ya 1080p ikhoza kuyamba kudukiza. Zikatero bwezerani mmene zinalili, kapena muzionera pa 720p.

Pa VLC pitani ku Tools, Preferences, Video, ndipo pa Output sankhani Direct3D11 video output. Ikakana, yesani OpenGL. Sungani, tsekani VLC yonse, mutsegulenso, chifukwa kusinthaku sikuoneka vidiyo ikadali yotsegula.

Langizo langa pano n'lakuti muzisintha chinthu chimodzi, muyese ndi vidiyo yomweyo, ndiyeno mupite pa china. Mukasintha zinayi pakamodzi simudzadziwa chimene chathandiza ndi chimene chaononga.

Nanga a Linux?

Pa Linux vutoli limaoneka kwambiri pa Xorg, pulogalamu yakale yoonetsera zithunzi pa sikirini, makamaka pa madesktop opepuka monga Xfce, compositor (mbali imene imalumikiza mawindo kukhala chithunzi chimodzi) ikakhala yozimitsidwa. Pa Xfce iyatseni mu Window Manager Tweaks. Wa NVIDIA atsegule NVIDIA X Server Settings, alowe pa X Server Display Configuration, Advanced, achonge Force Composition Pipeline, asaiwale kusunga. Madriver a amdgpu (a AMD) ndi intel ali ndi TearFree, imene imayatsidwa mu fayilo ya m'chikwatu cha /etc/X11/xorg.conf.d. Ngati Linux yanu ili ndi Wayland, yomwe ikulowa m'malo mwa Xorg, isankheni polowa mu akaunti yanu, chifukwa inapangidwa m'njira yoti chithunzi chisamang'ambike.

Mwayesa zonsezi koma sizikutheka? Bwerekani monita ya mnzanu kwa mphindi zochepa. Ngati mzere ukuonekanso pa monita imeneyo, vuto lili m'kompyuta. Mukaonjezera apo timadontho tamitundumitundu kapena kuzima kwadzidzidzi, tsegulani bokosi, mupukute fumbi pa fani ya khadi la zithunzi, ndipo zikapitirira pitani nayo kwa wokonza akaliyese khadilo.