Momwe Mungaonere Matenda pa Mafupa a Ana a ku Wharram Percy

Wharram Percy ndi mudzi wakale wa ku Yorkshire, ku England, kumene anafukula mafupa a anthu oposa 600 pa manda a tchalitchi cha St Martin, pafupifupi theka la iwo ana.

Yambani ndi mano kuti mudziwe zaka za mwanayo. Utali wa mafupa umasocheretsa, chifukwa mwana wodwaladwala amapinimbira. Tsukani ndi burashi yofewa, musakande.

Kenako tengani galasi lokuza ka 10, nyali iunike chammbali. Yang'anani denga la chibowo cha diso. Timabowo tambirimbiri ngati tobaya ndi singano ndi cribra orbitalia, imene kawirikawiri imayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi. M'mphepete mwa timabowo mukakhala mosalala, fupalo linali litayamba kupola. Koma samalani: dothi ndi mizu nazo zimadya fupa, ndipo malo otere amaoneka otuwa kuposa ena. Komanso fupa la khanda limakhala ndi timabowo mwachibadwa chifukwa likukula, ndiye musathamangire kunena kuti ndi matenda.

Timabowo tikapezeka mbali zonse ziwiri za chigaza, pa fupa la sphenoid (lomwe lili kumbuyo kwa zibowo za maso), ganizirani za kusowa kwa vitamini C. Miyendo yopindika ndi nsonga za nthiti zotupa zimaloza kusowa kwa vitamini D.

Polemba zotsatira, kumbukirani kuti fupa limatenga nthawi kuti lisinthe. Mwana wa mafupa opanda chilema mwina ndiye anafa msanga, matenda asanafike pa fupa, choncho musamuwerengere pa gulu la athanzi.